Boma Likapha Nzika Yake Kunja Popanda Bwalo la Milandu

Mu August 2010, bambo wina wachikulire wa ku Yemen, dzina lake Nasser al-Awlaki, yemwe anakhalapo nduna ya zaulimi kwawoko komanso mkulu wa yunivesite ya Sana'a, anakasumira boma la America kukhothi la mumzinda wa Washington. Pempho lake linali lachilendo ndithu, pakuti ankafuna kuti khothi liletse bomalo kupha mwana wake lisanamuzenge mlandu. Mwanayo, Anwar al-Awlaki, anabadwira ku Las Cruces m'chigawo cha New Mexico mu 1971, pa nthawi imene bambo akewo ankachita maphunziro ku America, ndipo motero anali nzika ya dzikolo mofanana ndi wina aliyense wobadwira kumeneko. Miyezi ingapo m'mbuyomo nyuzipepala zinali zitaulula kuti boma la Barack Obama laika dzina lake pa mndandanda wa anthu oyenera kuphedwa kulikonse kumene angapezeke, ndipo nkhalambayo, mothandizidwa ndi maloya a mabungwe a American Civil Liberties Union ndi Center for Constitutional Rights, inaganiza zothamangira kubwalo mzinga usanagwe.

Woweruza John Bates anauthetsa mlanduwo mu December chaka chomwecho. Anati bamboyo analibe mphamvu yosumira m'malo mwa mwana wake, yemwe anali munthu wamkulu kale ndipo akanatha kudzipereka yekha kwa akuluakulu a boma ngati ankafuna chitetezo cha makhothi, ndiponso kuti kusankha adani oti amenyedwe pa nkhondo ndi udindo wa mtsogoleri wa dziko ndi Nyumba ya Malamulo, osati wa oweruza. Komabe m'chigamulo chomwecho woweruzayu anafunsa funso limene mpaka lero limandisowetsa mtendere: zitheka bwanji kuti boma lifunike chilolezo cha khothi kuti limvetsere mwachinsinsi mafoni a nzika yake imene ili kunja, koma lisafunike chilolezo chilichonse kuti liiphe nzika yomweyo? Anafunsa, koma sanayankhe. Pa 30 September 2011, ndege yopanda munthu mkati, ija timaitchula kuti drone, inaponya mizinga pa galimoto m'chigawo cha al-Jawf kumpoto kwa Yemen, ndipo Anwar al-Awlaki anafera pomwepo pamodzi ndi nzika inanso ya America, Samir Khan, yemwe ankakonza magazini ya Chingerezi ya gulu la al-Qaeda.

Sindikufuna kumuyeretsa munthuyu, chifukwa kutero kungakhale kunama ndiponso kufooketsa mfundo yanga yomwe. Al-Awlaki anayamba ngati mlaliki wolemekezeka m'mizikiti ya ku San Diego ndi ku Falls Church, koma atachoka ku America n'kukhazikika ku Yemen anasanduka liwu lamphamvu kwambiri la al-Qaeda kwa achinyamata olankhula Chingerezi, ndipo ankanena poyera kuti kupha anthu wamba a ku America n'kololedwa. Ankalemberana makalata a pa intaneti ndi Nidal Hasan, msilikali amene anapha anthu 13 ku Fort Hood mu November 2009. Mnyamata wa ku Nigeria, Umar Farouk Abdulmutallab, yemwe anayesa kuphulitsa ndege yochokera ku Amsterdam kupita ku Detroit pa tsiku la Khirisimasi chaka chomwecho ndi bomba lobisidwa m'kabudula wamkati, anali atachokera ku Yemen, ndipo boma la America linanena kuti al-Awlaki ndiye anamukonzekeretsa. Munthu aliyense amene anali ndi m'bale m'ndege imeneyo, yomwe inanyamula anthu pafupifupi 300, ali ndi chifukwa chomveka chosakhetsera msozi imfa yake.

Maganizo a boma nawonso si opepuka, ndipo ndi bwino kuwafotokoza mwachilungamo. Iwo amati dziko linali pa nkhondo ndi al-Qaeda kuyambira September 2001, pamene Nyumba ya Malamulo inapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yogwiritsa ntchito asilikali polimbana ndi gululi, ndipo pa nkhondo msilikali safunsa mdani chiphaso cha unzika asanaombe mfuti. Munthu akalowa gulu la adani, amati, wadziika yekha pamalo owombedwa, ndipo pasipoti singakhale chishango chake. Anaonjezera kuti boma la Yemen linalibe mphamvu m'mapiri ndi m'zipululu mmene iye ankabisala motetezedwa ndi anthu a fuko lake, kotero kuti kutumiza asilikali kukamugwira kukanaphetsa anthu ambiri kuposa mzinga umodzi. Pamapeto pake anakhazikitsa mfundo zitatu zimene amati zikakwanira nzika ikhoza kuphedwa: ikhale yoopseza dziko ndi chiwembu chimene chayandikira, kuigwira kukhale kosatheka, ndipo kuphako kutsate malamulo a nkhondo.

Mfundo zitatuzi zimamveka zanzeru munthu akaziwerenga koyamba. Vuto limayamba pamene tafunsa kuti amene amaona ngati zakwanira ndani, ndipo yankho lake n'lakuti ndi yemweyo amene akufuna kuponya mzingawo. Kwathu kuno, ngakhale mlandu wa mbuzi imene yadya chimanga cha eni, mfumu siigamula mwini mbuzi asanapatsidwe mpata wolankhula, ndipo wodandaula saloledwa kukhala pampando wa nyakwawa n'kumadziweruzira yekha. Pa nkhani ya al-Awlaki, nthambi imodzi ya boma ndiyo inasonkhanitsa umboni, ndiyo inauyesa, ndiyo inagamula kuti ndi wokwanira, ndiyo inapha, ndipo pambuyo pake ndiyonso inanena kuti umboniwo ndi chinsinsi cha chitetezo chosayenera kuonedwa ndi wina aliyense. Kuchokera pamene dzina lake linadziwika kuti lili pa mndandanda kufikira tsiku la imfa yake panadutsa chaka ndi miyezi ingapo, ndipo m'nthawi yonseyo sanatsegulidwe mlandu wa uchigawenga m'khothi lililonse la ku America. Nthawi yolemba chisamani inalipo yambiri, kungoti panalibe amene ankaona kufunika kwake.

Chimene chimandivuta koposa ndi mmene mawu anapindidwira kuti akwanire chimene chinali chitagamulidwa kale. Mu March 2012, mkulu wa zamalamulo m'boma la Obama, Eric Holder, polankhula pa yunivesite ya Northwestern ananena kuti malamulo a dzikolo amalonjeza munthu ndondomeko yoyenera asanalandidwe moyo, koma kuti ndondomeko yoyenerayo sikutanthauza kuti pakhale khothi ayi. Kunena kwina, akuluakulu a boma akakambirana okhaokha m'chipinda chotseka mosamala mokwanira, ndiye kuti munthuyo waweruzidwa. Kenaka mu February 2013 kunatuluka chikalata cha unduna wa zachilungamo chimene chinafotokoza kuti mawu oti chiwembu chayandikira safuna umboni woti pali chiwembu chodziwika chimene chichitike posachedwa. Ngati chinthu choyandikira sichiyenera kukhala pafupi, ndiye kuti mawuwo atha ntchito, ndipo mpanda umene unamangidwa kuti utchinge mphamvu ya boma wasanduka chithunzi cha mpanda chojambulidwa pansi. Chikalata chenicheni chimene chinaloleza kuphedwa kwa al-Awlaki, cholembedwa ndi loya wa boma David Barron mu July 2010, chinabisidwa zaka zinayi, ndipo chinaonekera mu June 2014 khothi litachita kulamula, mbali zina zitafufutidwa. Lamulo limene nzika ingaphedwe nalo koma siloledwa kuliwerenga ndi lamulo la mtundu wanji?

Anthu amene analemba malamulo oyendetsera dziko la America ankadziwa bwino za nzika youkira dziko lake, pakuti iwo eni anali atangoukira kumene mfumu ya ku Britain. Chochititsa chidwi n'chakuti pa mlandu woukira dziko sanafewetse njira yolangira, koma anailimbitsa, polamula kuti munthu asapezeke wolakwa pokhapokha pakhale mboni ziwiri zoona chochitika chimodzimodzi, kapena iye mwini avomere pabwalo poyera. Anatero chifukwa ankadziwa kuti mlandu umenewu ndi umene olamulira amaukonda akafuna kuchotsa munthu wowasowetsa tulo. Mu 2004 khothi lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Yaser Hamdi, nzika imene inagwidwa ku Afghanistan, linagamula kuti ngakhale pa nthawi ya nkhondo boma silingatsekere nzika popanda kuipatsa mpata wotsutsa umboni pamaso pa woweruza wosakondera. Ndiye tikuona zodabwitsa izi: kuti umutsekere munthu uyenera kuonetsa umboni, koma kuti umuphe sufunika kuonetsa kanthu. Abdulmutallab, mlendo wogwidwa bomba lili pathupi, anapatsidwa loya, anaimirira pamaso pa woweruza ku Detroit, anavomera mlandu, ndipo mu February 2012 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Nzika imene akuti inamutuma sinaone chilichonse mwa zimenezi, ndipo kusiyana kwawo kunali kwakuti mmodzi anali pafupi pomwe wina anali kutali.

Patangopita masabata awiri chifereni al-Awlaki, pa 14 October 2011, mzinga wina unagwa m'chigawo cha Shabwa n'kupha mwana wake wamwamuna, Abdulrahman, wa zaka 16, wobadwira ku Denver. Mnyamatayu anali atachoka mwakachetechete kunyumba kwa agogo ake ku Sana'a kukafunafuna bambo ake amene anali asanawaone kwa nthawi yaitali, ndipo anafa akudya panja ndi anyamata anzake. Poyamba kunamveka mphekesera zochokera kwa akuluakulu osatchulidwa maina zoti anali munthu wamkulu wa zaka za m'ma 20, mpaka banja linatulutsa chikalata chake chobadwira chosonyeza chaka cha 1995. Boma linadikira mpaka May 2013 kuti livomere poyera kuti linapha nzika zinayi, ndipo za mnyamatayu linangoti si iye amene ankamufuna. Robert Gibbs, yemwe kale anali mneneri wa Obama, atafunsidwa za imfayi mu 2012 anayankha kuti mwanayo akanayenera kukhala ndi bambo wodziwa udindo wake. Makolo athu ankati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, kusonyeza kuti wamkulu ndiye amasenza zolakwa za mwana, koma apa zinatembenuzidwa, mwana ndiye anapotedwa ndi nkhuyu zimene anadya bambo. Ndikuona kuti yankho loterolo limatuluka pakamwa pa munthu pokhapokha akudziwa kuti palibe bwalo limene lidzamufunse.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amatero akuluakulu, ndipo tanthauzo lake n'lakuti pali nthawi imene umaleka kumenya chifukwa chimene ungaswe ndi chamtengo kuposa chimene ungaphe. Ndege za drone zinabwera ndi lonjezo lakuti tsopano khoswe akhoza kuphedwa mkhate osasweka. Ife tinazidziwa ndegezi zikuyesedwa ku Kasungu kunyamula zinthu zachipatala, ndipo palibe choipa mwa chipangizocho pachokha, koma pa nkhondo chinachotsa chinthu chimodzi chimene chinkachititsa atsogoleri kuganiza kawiri, chomwe ndi mantha otaya asilikali awo. Kupha kukakhala kotsika mtengo chonchi, mawu oti kumugwira n'kosatheka amayamba kutanthauza kuti kumugwira n'kovuta, ndipo pakapita nthawi amangotanthauza kuti kumugwira n'kotopetsa. Mkhatewo umaswekabe. Mu January 2015 mzinga wa America ku Pakistan unapha Warren Weinstein, nzika ya America, ndi Giovanni Lo Porto wa ku Italy, onse awiri ogwira ntchito zachitukuko amene anali atagwidwa ukapolo ndi al-Qaeda, ndipo oponyawo sankadziwa n'komwe kuti anthuwa ali m'nyumbamo.

Britain inatsata njira yomweyo. Pa 21 August 2015 ndege ya asilikali a dzikolo inapha Reyaad Khan, mnyamata wa ku Cardiff amene analowa gulu la ISIS, pafupi ndi mzinda wa Raqqa ku Syria, ndipo nzika ina, Ruhul Amin, inafera m'galimoto yomweyo. Nduna yaikulu David Cameron inauza Nyumba ya Malamulo pa 7 September, zonse zitachitika kale, kuti kunali kudziteteza, ngakhale kuti pa nthawiyo aphungu anali asanavomereze kuponya mabomba ku Syria. Ili ndi dziko limene linasiya kunyonga opha anzawo mu 1965, ndipo ngakhale wakupha ana atagwidwa ku London sangaphedwe ndi boma. Koma mu 2017 nduna ya zachitetezo, Gavin Williamson, inanena mosabisa kuti chigawenga chakufa sichingapwetekenso Britain, ndipo nzika zopita kukamenyera ISIS ziyenera kusakidwa. Chilango cha imfa chimene chinatulutsidwa pakhomo chinabwerera mwa njira ina, chopanda woweruza, chopanda apilo, chongogwira ntchito kutsidya kwa nyanja.

Ife Amalawi mawu oti chigawenga timawadziwa mbali zake zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi siili kutali nafe monga mmene mapu akusonyezera. Chichokereni kusagwirizana kwa nduna mu 1964, aliyense wothawira kunja chifukwa chotsutsana ndi boma la Kamuzu Banda ankatchedwa chigawenga, kaya ananyamula mfuti kaya ananyamula cholembera. Yatuta Chisiza analowadi m'dziko muno ndi anthu a zida mu 1967 ndipo anafa pomenyana ndi asilikali cha ku Mwanza, ndipo munthu akhoza kumulira kapena kumutsutsa, koma imfa yake inali ya pa nkhondo, mfuti kuyankha mfuti. Za Attati Mpakati, wotsutsa boma wina amene anali kunja, n'zosiyana, pakuti iye anaduka zala ndi bomba lotumizidwa m'kalata ali ku Maputo mu 1979, ndipo mu 1983 mtembo wake unapezeka ku Harare. Mtolankhani Mkwapatira Mhango anafa mu 1989 nyumba yake itatenthedwa ku Lusaka, ndipo moto womwewo unatenga akubanja kwake, ana omwe. Anthu ambiri analoza chala boma la nthawiyo, koma palibe bwalo limene linamva umboni wotsutsa anthuwa asanafe. Ku South Africa, boma la tsankho linapha Ruth First, mayi wolimbana ndi tsankholo, ndi bomba la m'phukusi ku Maputo mu August 1982, ndipo amene anakonza chiwembucho anadzavomera okha pamaso pa bungwe lofufuza zoona ulamulirowo utatha. Nawonso ankati akulimbana ndi zigawenga, ndipo dzina la Nelson Mandela linachotsedwa pa mndandanda wa America wa anthu okayikiridwa za uchigawenga mu 2008, iye atalamulira kale dziko n'kupuma.

Sindikunena kuti Obama ndi Kamuzu ndi amodzi, kapena kuti Mhango ndi al-Awlaki anali anthu ofanana, ayi ndithu. Ndikunena kuti chiganizo chimene maboma onsewa amalankhula n'chimodzimodzi: munthuyu ndi woopsa, ali kumene sitingamugwire, umboni tili nawo koma sitingakuonetseni, tikhulupirireni. Womvera alibe njira yosiyanitsira boma lonena zoona ndi boma lonama, chifukwa chinthu chokhacho chimene chikanasiyanitsa, chomwe ndi umboni woyesedwa ndi munthu wapadera, n'chimene onse akukana kupereka. Ndipo dziko lamphamvu lodzitcha mphunzitsi wa ufulu likatsegula khomo limeneli, lataya pakamwa podzudzulira ena. Patrick Karegeya, yemwe kale anali mkulu wa akazitape a Rwanda, atapezeka atapotoledwa khosi muhotela ku Johannesburg pa 1 January 2014, boma la Kigali linakana kukhudzidwa, koma akuluakulu ake ankamunena kuti anali mdani wogwirizana ndi oponya mabomba, ndipo chilankhulo chimenecho sanachite kuchipeka okha.

Pali mbali ina imene imandichititsa manyazi pang'ono polemba zonsezi, ndipo ndiyenera kuitchula. Phokoso lonse la maloya, makhothi ndi aphungu, kuphatikizapo la senator Rand Paul amene analankhula pafupifupi maola 13 m'nyumba ya Senate mu March 2013 potsutsa mchitidwewu, linabuka chifukwa ophedwawo anali nzika za America. Mu December 2009 mizinga ya America inagwa pamudzi wa al-Majalah kumwera kwa Yemen, ndipo kafukufuku wa aphungu a dzikolo anapeza kuti anthu wamba 41 anafa, mwa iwo ana 21 ndi amayi 14. Anthu amenewa palibe loya wa boma amene anawalembera chikalata cha masamba ambiri chosinkhasinkha za ufulu wawo. Ndime ya malamulo a America imene imaletsa kulanda moyo popanda ndondomeko yoyenera imanena za munthu, sinena za nzika, monganso ndime 16 ya malamulo athu imanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Choncho sindikhulupirira kuti magazi a nzika ndi ofiira kuposa a mlendo. Chimene unzika umaonjezera ndi pangano: boma limalandira mphamvu zake kwa nzika, limazikhometsa msonkho, limazilamula kumvera makhothi, ndipo posinthana nazo limalonjeza kuti silidzazikhudza popanda makhothi omwewo. Boma lokhoza kuswa pangano limeneli kwa mwana wake wa m'nyumba, mlendo angayembekezere chiyani kwa ilo?

Ndikuvomera kuti pali nthawi imene kudikira woweruza n'kosatheka. Nzika ikaima pamzere wa nkhondo ndi mfuti m'manja, kapena ikakhala panjira ndi bomba kupita kumsika, amene aiwombera sanalakwe, monganso wapolisi salakwa kuwombera wachifwamba amene waloza mfuti pa munthu. Koma mndandanda wa maina wosungidwa miyezi ndi zaka si zimenezo ayi, ndi chigamulo cha imfa chodikira tsiku. Pa chigamulo chotero ndingafune zinthu zochepa zimene sindikuona kuti zingagwetse chitetezo cha dziko lililonse: mlandu utsegulidwe poyera kuti munthuyo adziwe chimene akumuimba ndipo akhale ndi mpata wodzipereka, woweruza wosadya nawo m'mbale ya mtsogoleri aone umboniwo ngakhale m'chipinda chotseka, ndipo munthu akaphedwa boma lidzaime pabwalo kufotokoza, makamaka pamene wafayo ndi mwana wa zaka 16 amene ilo lomwe likuti silinkamufuna. Ena amaopa kuti khothi lotere lingasanduke chidindo chongovomereza zilizonse, ndipo manthawo ndi omveka, komabe chidindo chimasiya dzina la wodinda, pamene chinsinsi sichisiya aliyense woti adzafunsidwe.

Nasser al-Awlaki anabwereranso kukhothi mu 2012, ulendo uno pamodzi ndi mayi ake a Samir Khan, kukafunsa chifukwa chimene mwana wake ndi mdzukulu wake anafera. Mu April 2014 woweruza Rosemary Collyer anauthetsa mlanduwo, ponena kuti makhothi sangapereke chipepeso pa nkhani zotere popanda kulowerera ntchito za asilikali ndi za mtsogoleri wa dziko. Ulendo woyamba anauzidwa kuti si iye woyenera kusuma mwana wake akadali moyo, ndipo ulendo wachiwiri, mwana ndi mdzukulu ali m'manda, anauzidwa kuti bwalo lilibe chomuchitira. Mphamvu imene Obama ankati akuigwiritsa ntchito mosamala inatsalira mu ofesi pamene iye ankatuluka mu January 2017, ndipo patangotha masiku 9 Donald Trump atalumbira, asilikali a America anaukira mudzi wa Yakla pakati pa dziko la Yemen. Mwa anthu wamba amene anafa usiku umenewo munali Nawar, mwana wamkazi wa Anwar al-Awlaki, wa zaka 8, ndipo amene anauza atolankhani za imfa yake anali agogo ake omwe aja.